Yesu Wogona pa Benchi

Mu 2014, m'tauni ya Davidson ku North Carolina, m'dziko la America, mai wina anali kupita pa galimoto pamene anaona munthu atagona pa benchi pabwalo la chalichi, atadzifunda bulangeti kufikira kumutu. Anaimbira apolisi lamya kuwadziwitsa za mlendo wosafunikayo. Koma wogonayo anali wa mkuwa. Maiyo akadatsika nayang'anitsitsa mapazi otulukira kunja kwa bulangeti, akadaona mabala a misomali.

Mwini nchito imeneyi ndi Timothy Schmalz, Mkatolika wa ku Ontario m'dziko la Canada, wobadwa mu 1969. Ngakhale timucha wosema, iye ayamba ndi kuumba dothi monga acitira amai athu ndi mbiya. Pambuyo pace mkuwa wosungunula uthiridwa m'cikombole, ndipo cikombole cimodzi cibala ziboliboli zambiri. N'cifukwa cace Yesu wogonayu apezeka lero m'mizinda yocuruka, monga ku Dublin ndi ku Kapernao. Maganizo anamdzera ataona munthu wosowa pokhala atagona mumsewu wa ku Toronto, nakumbuka mau a Ambuye a pa Mateyo 25.

Poyamba ciboliboli cinasowa pokhala monga mwini wace. Makatedulo awiri, ina ku Toronto ina ku New York, sanacilandire. Anacipatsa malo mu 2013 ndi a Jesuit a pa Regis College ku Toronto. Caka comweco Papa Francis anadalitsa kaciboliboli kakang'ono kofanana naco, ndipo mu 2016 cacikulu cinaikidwa ku Vatican, pafupi ndi ofesi yothandiza amphawi m'dzina la Papa.

Ine cimene cindigwira mtima ndi ici: Schmalz anabisa nkhope. Ife tinazolowera ziboliboli za nkhope yosalala ndi tsitsi lopesa bwino, zoti ukagwada pamaso pace mtima ukhala pansi. Ici cikana kukutonthoza. Wofuna kudziwa wagonayo ayenera kuyandikira ndi kuwerama, ndipo ambiri a ife siticita zimenezi kwa ogona m'misewu. Kumapazi anasiyako mpata woti munthu mmodzi akhalepo.

Nchito yace ina yaikulu inavundukulidwa pabwalo la Petro Woyera pa 29 September 2019, tsiku lokumbukira othawa kwao. Dzina lace ndi Angels Unawares, locokera pa Ahebri 13:2. Ndi bwato la mkuwa lotalika mamita 6, modzaza anthu 140 opanikizana: Myuda wothawa a Nazi, Msiriya wothawa nkhondo, kapolo wa ku Afrika kuno, Maria ndi Yosefe omwe. Pakati pao patulukira mapiko a mngelo, koma mngeloyo saoneka. Ciwerengeroco sicinangobwera: pamwamba pa mizati yozinga bwalolo paimirira ziboliboli 140 za oyera. Akulu a ku Petauke amene analandira abale a ku Mozambique ku Ukwimi pa nthawi ya nkhondo angazindikire mitolo ndi maso a m'bwatomo.

Alipo otsutsa, ndipo sindiwanyoza. Ena ati n'kunyazitsa Ambuye ouka kwa akufa kuwagoneka pa benchi. Ena ati ndalama zogulira mkuwa wotere zikadagula mabulangeti mazana. Mau aciwiriwa andivuta kuyankha, cifukwa ciboliboli sicimva mphepo ya mu June.

Mwezi watha pa msonkhano wa bungwe la parishi yathu tinali ndi nkhani ziwiri. Yoyamba inali yosonkha ndalama zogulira ciboliboli catsopano coika pabwalo. Tinakambirana ora lathunthu za utoto ndi msinkhu wace. Yaciwiri inali ya mwamuna wina wodwala mutu amene agona pakhonde la chalichi, nasiya makatoni ndi pfungo pa Misa ya m'mawa. Imeneyi inatha msanga: tigule loko wa pacipata. Wapampando atafunsa ovomereza, manja anakwera, langa lomwe. Loko tinagula Lacisanu. Kumene agona tsopano bamboyo sindinafunse.