Nkhokwe yosatsegula imangonenepetsa anankafumbwe

Abale anga, lero ndalemba ndili wokwiya, ndipo sindibisa. Nkhani yake ndi ya data. Ndikati data sindikunena bandulo ija mumagula pafoni n'kutha musanatsegule n'komwe Facebook ayi. Ndikunena ziwerengero ndi mindandanda: anthu alipo angati m'mudzi wakutiwakuti, mijigo ili pati, sukulu ili ndi ana angati, odwala afika angati kuchipatala sabata ino, mvula yagwa yochuluka bwanji. Zinthu zimenezi zimasonkhanitsidwa tsiku ndi tsiku ndi ndalama za misonkho yathu ndi za mabungwe otithandiza. Zikasonkhanitsidwa zimapita kuti? Amazigwiritsa ntchito ndani?

Teremu yatha ndinapatsa ana anga a Fomu 3 ntchito ya Geography. Ndinati tijambule mapu a midzi imene iwo amachokera, tiikepo mijigo yonse, kenaka tiwerengere kuti mjigo umodzi akumwapo anthu angati. Tinafunika zinthu zitatu zokha: mndandanda wa midzi ndi anthu ake, mndandanda wa mijigo, ndi mapu. Zonse zitatu zinalipo kale, anthu ena anazisonkhanitsa ndipo analipidwa maalawansi.

Mndandanda woyamba tinaupeza pa intaneti. Unali PDF, koma PDF yake inali chithunzi cha pepala chojambula mopendama, chidindo chitaphimba manambala ena. Wachiwiri unali kumapeto kwa lipoti la bungwe lina, kuseri kwa masamba ambirimbiri a zithunzi za alendo akumwetulira pamjigo. Wachitatu ndinakaufuna ku ofesi ina imene sinditchula. Ulendo woyamba anati bwana ali kumsonkhano kunyanja. Ulendo wachiwiri anati ndibwere ndi kalata. Ulendo wachitatu, kalata ili m'manja, anandiuza kuti fayiloyo inali mu laputopu ya mkulu wina amene anasamutsidwa, ndipo laputopuyo anapita nayo.

Tinakopera pamanja zimene tinapeza, Loweruka katatu. Pophatikiza mindandanda iwiri ija tinaona zodabwitsa. Mudzi umodzi unalembedwa m'njira zitatu: pena ndi chilembo cha h, pena popanda h, pena ndi dzina la mfumu imene inamwalira kalekale. Mtsikana wina, amene sakonda kuyankhula m'kalasi, anaimika mkono n'kunena kuti mijigo iwiri imene lipoti likuti ikugwira ntchito inafa iye ali ku pulaimale, ndipo amayi ake amatunga kudambo. Mwana wa Fomu 3 anakonza lipoti la akatswiri. Koma tikauza ndani? Panalibe poti n'kutumiza. Lipotilo likadali pa intaneti, mijigo yakufa ikutulutsabe madzi papepala.

Mwina wina anena kuti aphunzitsi awa akukulitsa nkhani ya homuweki. Tamverani iyi. Mu 1854 kolera anabuka ku Soho, mu mzinda wa London, ndipo anapha anthu oposa 600. Masiku amenewo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti matendawa amabwera ndi mpweya woipa. Dokotala wina, John Snow, anakatenga mndandanda wa omwalira ku ofesi yolembetsa imfa, n'kuyenda khomo ndi khomo kufunsa kumene mabanjawo ankatunga madzi. Anapeza kuti imfa zambiri zinazungulira mjigo wa mu msewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo. Mndandanda wa imfa pawokha sukanaulula kanthu. Mapu a mijigo pawokha sakanaulula kanthu. Chilungamo chinatuluka ziwirizi zitaikidwa pamodzi. Tsono taganizani akanakhala kuti kalaliki wa ku ofesi ija anamuuza Snow kuti bwana ali kunyanja.

Ife kolera sitimumvera m'mabuku. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha iwo. Ziwerengero za tsiku ndi tsiku tinkaziona, inde, zikuyenda pa WhatsApp ngati zithunzi. Chithunzi umachiyang'ana, n'kugwira pakamwa, n'kutumizira mnzako. Sungachiwonkhetse ndi cha dzulo, sungachiike pamapu a mijigo, pokhapokha utakhala pansi n'kukopera nambala iliyonse pamanja. Chimanga chojambulidwa pachithunzi sapita nacho kuchigayo.

Nzeru yothetsera vutoli inabwera kalekale. Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web ali ku CERN mu 1989, analemba mu 2006 malamulo anayi olumikizira data. Ndiwafotokoze mwachidule. Chinthu chilichonse, kaya ndi mudzi, sukulu kapena mtsinje, chikhale ndi dzina lakelake losasintha. Dzinalo likhale ngati adiresi ya pa intaneti yoti munthu kapena kompyuta ikhoza kuitsegula. Ukaitsegula upezepo mfundo zothandiza, zolembedwa m'njira imene onse anagwirizana. Ndipo mfundozo ziloze ku maadiresi a zinthu zina, kuti kuchoka pa sukulu ukafike pa mudzi, kuchoka pa mudzi ukafike pa mjigo.

Mu 2010 anawonjezera muyeso wa nyenyezi zisanu, umene ife aphunzitsi tingaumve msanga poti kuchonga ndi ntchito yathu. Nyenyezi imodzi: waika data pa intaneti m'njira ina iliyonse, ndi chilolezo choti aliyense aigwiritse ntchito. Ziwiri: waika m'njira yoti kompyuta iwerenge, monga Excel m'malo mwa chithunzi. Zitatu: waika m'njira yosafuna pulogalamu yogula, monga CSV. Zinayi: chinthu chilichonse wachipatsa adiresi yake. Zisanu: walumikiza data yako ndi ya anzako. PDF yathu yopendama ija ngakhale nyenyezi imodzi siyenera, poti sinanene ngati tikuloledwa kuigwiritsa ntchito. Ine sindikupempha zisanu lero. Zitatu zandikwana. Amene analemba tebulo lija analilemba pa kompyuta, analisindikiza, analidinda, analijambula, n'kutipatsa chithunzi. Anagwira ntchito zinayi zowonjezera kuti chinthu chabwino chikhale chopanda ntchito.

Nkhani ya mayina ija musaipepule. Dziko lathu mayina amasintha. Cholo anakhala Thyolo, Mlanje anakhala Mulanje, Port Herald anakhala Nsanje, Fort Johnston anakhala Mangochi. Mpaka lero ena amalemba Chikwawa, ena Chikhwawa. Munthu amadziwa kuti ndi malo amodzi, koma kompyuta imaona maboma awiri. Malire nawonso amasintha: Balaka inali mbali ya Machinga, Phalombe inali mbali ya Mulanje, Neno inali mbali ya Mwanza. Woyerekeza ziwerengero zakale ndi zatsopano osadziwa zimenezi adzalengeza kuti anthu a ku Mwanza anatha, chonsecho boma linangogawidwa pawiri. Ngati zili choncho ndi maboma 28 okha, nanga midzi zikwizikwi imene imatchedwa ndi mayina a mafumu? Mankhwala ake ndi nambala imodzi pa malo amodzi, imene ofesi ya zaumoyo, ya zamaphunziro, ya zamadzi ndi mabungwe onse aigwiritse ntchito. Pa Wikidata, nkhokwe yaulere imene inayamba mu 2012, dziko la Malawi ndi Q1020. Ulilembe mu Chitchaina kapena mu Chiarabu, nambala ndi yomweyo. Ana athu polemba mayeso timawapatsa nambala kuti a Banda awiri asasinthane magiredi. Chimatikanika n'chiyani kuchita chimodzimodzi ndi mijigo?

Tsopano ndiyankhe amene amatsutsa, poti ndawamva ndipo ena ndi anzanga.

Oyamba amati kutsegula data n'kuvula anthu. Awa ndiwapatsa ulemu, chifukwa mantha awo ali ndi maziko. Ku America, katswiri wina dzina lake Latanya Sweeney anatenga mbiri za odwala zimene anazichotsa mayina, n'kuziphatikiza ndi mndandanda wa ovota, ndipo anapeza mbiri ya kuchipatala ya bwanamkubwa wa Massachusetts, William Weld. Luso lomwe linathandiza Snow likhoza kuulula zinsinsi za munthu. Kwathu kuno n'kosavuta kuposa apo. Mukalemba kuti pa sukulu yakutiyakuti mtsikana mmodzi wa Fomu 2 anasiya chifukwa cha mimba, simunatchule dzina, koma mudzi wonse wamudziwa. Choncho za munthu payekha zitsekeredwe, ndipo tili ndi lamulo loteteza zimenezi la 2024. Koma mjigo uli ndi chinsinsi chanji? Mlatho umachita manyazi? Chiwerengero cha madesiki chingavule ndani? Ambiri amene amabisala kuseri kwa chinsinsi cha odwala akuteteza chinsinsi cha bajeti.

Achiwiri amati anthu wamba adzazimva molakwika. Mawu amenewa amandipweteka ngati mphunzitsi. Chaka ndi chaka timaphunzitsa ana kujambula magirafu ndi kuwerengera maperesenti pogwiritsa ntchito manambala opeka a m'buku, za alimi opeka a m'mudzi wopeka. Tikafuna manambala enieni a kwawo mukuti sangawamve. Adzawamva liti ngati simuwapatsa? Wina akamasulira molakwika, mnzake amene ali ndi manambala omwewo adzamukonza. Manambala akakhala ndi munthu mmodzi, akalakwitsa palibe womukonza. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Achitatu amati ndife osauka, netiweki ndi yodula, izi ndi za azungu. Fayilo ya CSV ndi yopepuka kwambiri kuposa chithunzi cha tebulo lomwelo, choncho wosauka ndiye akuifuna koposa. Ndipo chodula n'chiti, kuika fayilo imodzi poyera, kapena kutumiza magalimoto a mabungwe asanu kukawerenga mijigo yomweyo m'mudzi womwewo, aliyense ndi mafuta ake ndi alawansi yake? Amayi a kumudzi atopa kufunsidwa mafunso omwewo ndi anyamata a matabuleti amene sabweranso kudzanena zimene anapeza. Chivomerezi chitagwedeza Haiti pa 12 Januwale 2010, makampani anatsegula zithunzi zawo za setilaiti, ndipo anthu ongodzipereka mazanamazana a m'mayiko osiyanasiyana anajambula mapu a Port-au-Prince pa OpenStreetMap m'masabata ochepa. Opulumutsa anthu anagwiritsa ntchito mapu amenewo. Haiti si dziko lolemera. Ife amene tinaona madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023 sitifunika kuuzidwa kuti kudziwa pamene pali mudzi, mlatho ndi sukulu yothawirako ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Achinayi sanena chifukwa, amangoti ndi za boma. Boma lake liti, losakhala lathu? Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga mu Disembala 2016, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Amene akukhalira fayilo ngati nkhuku yofungatira mazira akuchita mwano ndi lamulo, ngakhale atavala tayi.

Ndisakhale wosayamika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17,563,749, ndipo ofesi yoona za ziwerengero ku Zomba inatulutsa malipoti ake poyera. Mu 2012 kunakhazikitsidwa MASDAP, malo a pa intaneti ogawirana mapu a dziko lino. Izi zikusonyeza kuti luso lilipo ndipo anthu odziwa ntchito alipo. Chosowa ndi khalidwe loti kugawana kukhale chizolowezi, kusadikire pulojekiti ya wopereka thandizo imene ikatha webusaiti nayo imafa.

Ndipo ife aphunzitsi tisaloze chala ena okha. Marejisitala athu ali bwanji? Mwana mmodzi amalembedwa Chisomo mu Fomu 1, Chisomo Grace mu Fomu 2, Grace mu Fomu 3, ndipo akasowa palibe amene angatsate kuti anasiya liti. Timadzaza mafomu mothamanga tsiku lomaliza, kuyerekeza manambala pamene sitinawerenge, n'kumadabwa kuti mabuku abwera osakwana. Zinyalala zimene timathira kumtunda ndi zomwe timamwa kumunsi kwa mtsinje.

Zopempha zanga ndi zinayi, ndipo palibe chofuna msonkhano wa kunyanja. Tebulo lililonse loikidwa mu lipoti liikidwenso palokha ngati CSV. Mudzi, sukulu, chipatala ndi mjigo uliwonse ukhale ndi nambala imodzi yodziwika kwa onse. Fayilo iliyonse inene amene anaisonkhanitsa, tsiku lake, ndi kuti aliyense akhoza kuigwiritsa ntchito. Ndipo pakhale njira yoti amene wapeza cholakwika, ngakhale ndi mwana wa sukulu, akanene n'kumvedwa. Bungwe limene likana zimenezi lisaloledwe kukafunsa mafunso m'midzi mwathu.

Mapu athu aja tinawamaliza. Ali pakhoma la kalasi, ojambula papepala la manila, mijigo yamoyo ya buluu, yakufa yofiira. Ndi mapu olondola kuposa a mu lipoti lija, koma amawaona ndi ana a kalasi imodzi basi, ndipo chiswe chayamba kale kudya ngodya yakumunsi. Teremu ino tikuphunzira kuika mijigoyo pa OpenStreetMap ndi foni yanga, umodziumodzi, bandulo ikalola. Mtsikana uja ndi amene akutsogolera, ndipo wayamba ndi iwiri ya kwawo.

Ndatha ine wanu, mphunzitsi wa choko m'manja.