Ngalande, khonde ndi rampu: tanthauzo la lamulo la 2024 la anthu aulumali ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka

M'chaka cha 2024 dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito lamulo latsopano loona za anthu aulumali, la Persons with Disabilities Act. Lamuloli linalowa m'malo mwa malamulo awiri akale, la 1971 ndi la 2012, ndipo bungwe la MACOHA linasanduka Malawi Council for Disability Affairs, mwachidule MACODA, lomwe lili ndi udindo wolondoloza ngati ufulu wa anthu aulumali ukulemekezedwa. Umodzi mwa maufuluwo ndi wakuti munthu athe kufika pamalo pamene anthu onse amafikapo: pamsika, pachipatala, pasukulu, pa ofesi ya boma, pasiteji ya basi.

Mfundoyi si yachilendo. Ndime 13 ya malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, inaika kale kuti boma lionetsetse kuti anthu aulumali akutha kufika m'malo a anthu onse. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 9 ya panganolo, potchula misewu, nyumba ndi zoyendera, imanena poyera kuti zimenezi zikukhudza m'tauni ndi kumidzi komwe. Mawu akuti kumidziwo ndi amene amaiwalika. Anthu akamva za njira za oyenda pansi amaganiza za Lilongwe ndi Blantyre, chonsecho Amalawi ochuluka amakhala kumidzi ndipo amagula, kugulitsa ndi kukwera galimoto pamalo amalonda a m'mbali mwa misewu, monga Golomoti ndi Mtakataka.

Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo ali ndi ulumali wina wake, anthu oposa 1.5 miliyoni. Pafupifupi theka la iwo amavutika kuona, ndipo oposa mmodzi mwa anayi alionse amavutika kuyenda kapena kukwera pamalo okwera. Pa tsiku la msika, pakati pa anthu chikwi, chiwerengerochi chikutanthauza anthu ngati 100. Ngati saoneka ochuluka chotero pamsikapo, chifukwa china n'chakuti njira inawabweza.

Dera la Mua lili ndi mbiri yake pankhaniyi. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo m'zaka za m'ma 1920 panatsegulidwa malo osamalira odwala khate, nthenda imene imapha mitsempha ya m'mapazi ndi m'manja mpaka munthu osamva kuti waponda mwala wakuthwa. Lero ku Mua kuli chipatala cha mishoni, sukulu ya ana a vuto losamva, komanso Kungoni Centre of Culture and Art imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, yomwe imalandira alendo ochokera kutali, ena mwa iwo okalamba. Ochuluka mwa anthuwa amatsikira pa msewu wa M5, wa m'mbali mwa nyanja, kenako amayenda pansi kapena kukwera kabaza. Ku Golomoti msewu womwewo umakumana ndi wotsika m'mapiri kuchokera ku Dedza ndi wopita ku Monkey Bay, choncho galimoto zazikulu, maminibasi, njinga zamoto, ngolo za ng'ombe ndi oyenda pansi amalimbirana malo amodzi.

M'mizinda ya kunja chopinga chachikulu cha munthu wa pa njinga ya aulumali chimakhala kamtunda ka simenti kolekanitsa msewu ndi njira ya oyenda pansi. Ku America anayamba kudula kamtundako m'tauni ya Kalamazoo m'zaka za m'ma 1940, pofuna kuthandiza asilikali amene anavulala kunkhondo, ndipo lamulo la 1990 la dzikolo linakakamiza kutero ponseponse. Kuno kunsi kwa mapiri a Dedza chopinga chachikulu ndi ngalande.

Chifukwa chake ndi madzi. Mvula ikagwa kumapiri, madzi amatsika mwaliwiro kudzera m'mitsinje monga Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi, ndipo akafika kuchigwa amasefukira, kusiya mchenga ndi matope. Pofuna kuteteza msewu, akatswiri amakumba ngalande zakuya m'mbali mwake. Pofuna kuteteza katundu, mwini golosale amakweza maziko a nyumba yake n'kuika masitepe awiri kapena atatu pakhonde. Aliyense wachita zanzeru kumbali yake. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu wochoka pa tala kupita pa kauntala ayenera kutsika m'mphepete mwa tala modyeka, kuoloka ngalande pa thabwa limodzi kapena kuidumpha, kudutsa pamchenga, kenako kukwera masitepe. Zopinga zinayi pa mtunda wosakwana mamita 20. Munthu wa pa njinga ya aulumali amathera pa choyamba. Wa ndodo zoyendera amafika pathabwa n'kuima. Wa vuto losaona, ngati alibe womutsogolera, ndiye amene amagwera m'ngalandemo.

Apa m'pamene rampu, kanjira kotsetsereka kolowa m'malo mwa masitepe, imanamizira anthu. Nyumba zambiri zatsopano za boma ndi za mabungwe zili nayo pakhomo, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Komabe rampu ya pakhomo la chipatala ilibe phindu kwa munthu amene walephera kuoloka ngalande ya pasiteji. Ulendo umayambira pamene munthu watsikira galimoto, ndipo pakaduka malo amodzi, ulendo wonse waduka.

Miyeso ya ntchitoyi ndi yodziwika, ndipo mmisiri aliyense wokhala ndi tepi ndi levulo angathe kuitsata. Muyeso umene maiko ambiri amagwiritsa ntchito ndi wakuti rampu isatsetsereke kuposa 1 pa 12: pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, pakhale masentimita 12 a kutalika. Sitepe imodzi ya masentimita 15 imafuna rampu ya mamita 1.8. Khonde lokwera masentimita 30 limafuna mamita 3.6, ndipo la masitepe atatu, masentimita 45, limafuna mamita 5.4. Ziwerengerozi zimadabwitsa eni masitolo ambiri, chifukwa chimene amachidziwa ndi kamtsetse kafupi kamene mmisiri amathira ndi simenti yotsala, kokwezerapo njinga yakapalasa. Kamtsetse kotere, kotalika mita imodzi pakhonde la theka la mita, n'koopsa kuposa masitepe: pokwera njinga ya aulumali imagadabuka chagada, potsika imathamangira kumsewu. Pamene malo akutsogolo kwa sitolo ali ochepa, rampu iyende motsatira khoma m'malo moloza kumsewu, ndipo kumtunda kwake kukhale malo athyathyathya a mamita 1.5 kuti munthu atsegule chitseko njinga isakubwerera m'mbuyo.

Njira ya oyenda pansi yeniyeniyo imafunika kukhala mamita 1.5 m'lifupi kuti njinga ya aulumali itembenuke, ndi mamita 1.8 kuti ziwiri zipatukirane. Kuno muyesowu ndi bwino kuuonjezera. Anthu ambiri a kumidzi amagwiritsa ntchito njinga za mawilo atatu zopalasa ndi manja, zonga zimene bungwe la Malawi Against Physical Disabilities lakhala likupanga, ndipo njinga zimenezi n'zazitali, sizikhota pamalo opanikiza. Njirayo ipendekeke pang'ono kuti madzi asadikhe, koma osaposa masentimita awiri pa mita, apo ayi njinga imakokera kumbali imodzi ndipo dzanja limodzi limatopa msanga. Pamwamba pa konkire pakokedwe tsache isanaume kuti pasaterere, chifukwa simenti yosalala ya m'nyumba ikanyowa imagwetsa ngakhale munthu wamphamvu.

Pa ngalande pali zinthu ziwiri zofunika. Choyamba, m'malo amalonda ngalande ivindikiridwe ndi masilabu a konkire, makamaka pasiteji, pakhomo la msika ndi panjira yopita kuchipatala kapena kusukulu. Mipata yolowera madzi isapose mamilimita 13, kuti kawilo kakutsogolo kapena nsonga ya ndodo isalowemo. Chachiwiri, masilabuwo akhale oti anthu angathe kuwanyamula pochotsa mchenga. Ngalande yovindikira imene palibe akuiyeretsa imadzaza pa dzinja limodzi, madzi n'kudutsa pamwamba, ndipo mchenga umene wasiyidwa panjira umamiza mawilo monga momwe umamizira ngolo pakhwawa. Silabu imodzi ikasweka kapena kubedwa, dzenje lotsalalo ndi msampha woposa ngalande yosavindikira, popeza munthu wosaona amakhala atakhulupirira kale kuti njirayo ndi yabwino.

Pooloka msewu, njira yothandiza kwambiri ndi kumanga chitunda chochepetsa liwiro chokhala chathyathyathya pamwamba, cholingana msinkhu ndi njira ya oyenda pansi, n'kujambulapo mizere yoolokera. Chitunda chotero chimagwira ntchito ziwiri: galimoto imachepetsa liwiro, ndipo wooloka satsika kapena kukwera. Kwa ana a pasukulu ya osamva ya Mua, ndi akulu omwe a vutoli, hutala ya galimoto kapena belu la kabaza sizitanthauza kanthu. Chimene chimawateteza ndi kulekanitsa njira yawo ndi ya njinga, komanso kusaika zikwangwani, mabenchi kapena kuimika maminibasi pamalo pamene wooloka ayenera kuona galimoto ikubwera. Kwa a vuto losaona, ku Japan Seiichi Miyake anapanga matailosi a timatuza omveka kuphazi ndi kundodo, amene anaikidwa koyamba mumzinda wa Okayama mu 1967. Matailosiwo akasowa, mmisiri angathe kudinda timizere pakonkire pamene njira ikukumana ndi msewu, ndi kusiya kamzere ka njerwa m'mphepete kuti ndodo yoyera izitsata. Penti yachikasu kapena yoyera m'mphepete mwa sitepe imathandiza okalamba ndi anthu achialubino, omwe ambiri saona bwino padzuwa lowala. Ndipo pali kanthu kena: mu Okutobala chitsulo chogwirira cha parampu chimatentha kuchigwa kuno mpaka osagwirika, choncho chikhale pansi pa denga la khonde kapena chikhale chathabwa.

Funso la ndalama silingapewedwe. Lipoti la 2011 la World Health Organization ndi World Bank linanena kuti pa nyumba yatsopano, kutsata miyeso yonse yothandiza anthu aulumali kumaonjezera pafupifupi 1 pa 100 pa mtengo wa ntchito yonse. Kugumula ndi kukonzanso pambuyo pake ndiko kumadya ndalama zambiri. Motero nthawi yofunika kwambiri ndi pamene mapulani a msewu, shedi ya msika, chimbudzi cha pamsika kapena chipinda cha sukulu akujambulidwa. Misewu ikuluikulu monga M5 ili m'manja mwa Roads Authority, pamene misika ndi misewu ya m'madera ili pansi pa khonsolo ya boma la Dedza. Malire a maudindo awiriwa amadutsa ndendende pamene pali vutoli, pakati pa tala ndi khomo la msika, ndipo mpata umenewo ndi wosavuta kuti aliyense aziyesa ndi wa mnzake. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera la Kachindamoto, amene amasankha ntchito zolipiridwa ndi thumba la chitukuko la CDF, ali ndi mwayi wofunsa funso limodzi ntchito isanavomerezedwe: kodi munthu wa pa njinga ya aulumali achoka bwanji pamsewu kufika mkatimo?

Komabe simenti payokha siingathetse nkhaniyi, ndipo apa amalonda ndi alimi akukhudzidwa mwachindunji. Njira ya oyenda pansi ikamangidwa pamalo amalonda, imakhala malo ouma ndi osalala kuposa ena onse, choncho sipatenga nthawi kuti padzaze mabenchi a tomato, milu ya usipa, matumba a makala ndi njinga za kabaza zodikira anthu. Nthawi yokolola, mpunga wa ku Bwanje kapena chimanga zimayanikidwa m'mbali mwa tala. Wogulitsa sachita zimenezi mwankhanza. Amatsata pamene pali ogula. Koma benchi limodzi loikidwa pakati panjira limakankhira munthu wa pa njinga ya aulumali mumsewu, pakati pa malole. Malamulo amaika malo a msewu waukulu kukhala mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pake, ndipo zomangidwa m'malo amenewa zimatha kuchotsedwa. Kuthamangitsa ogulitsa kokha kwaoneka kuti sikukhalitsa, pakuti amabwerera pakapita masiku. Chimene chingakhalitse ndi kuwapatsa mzere wawo kuseri kwa njirayo pojambula mapulani, ndi kupatsa komiti ya msika ndi atsogoleri a kabaza udindo wosunga mpata wa mamita 1.5 wopanda kanthu tsiku lililonse la msika.

Mwini sitolo aliyense angaone yekha amene amapindula ndi khomo lopanda sitepe. Wilibala ya matumba a feteleza imalowa mpaka mkati. Mayi woyembekezera, gogo wa ndodo, mnyamata wosenza thumba la mpunga la makilogalamu 50 ndi wodwala wotuluka m'chipatala onse amadutsa pomwepo. Wogula amene kale ankatuma mwana, kapena kuima padzuwa kunja kudikira kuti wogulitsa amuone, amalowa yekha n'kusankha chimene akufuna.

Chotsala ndi kuyesa ntchito isanalandiridwe. Mabungwe a anthu aulumali, amene ali pansi pa FEDOMA, ali ndi mamembala m'maboma, ndipo iwo ndi amene amadziwa pamene wilo limakodwa. Kontalakitala asanapatsidwe malipiro omaliza, munthu wa pa njinga ya mawilo atatu ndi wina wa ndodo yoyera ayende njira yonse, kuyambira pamene minibasi imaima mpaka pakhomo, popanda womukankha kapena womugwira dzanja. Kuyesaku kuchitike kawiri: ntchito itangotha, komanso mu Febuluwale, mvula itagwa ndipo mchenga utatsika kuchokera kumapiri.