Nkhalamba Zitatu ndi Chitoliro Chimodzi

Aliyense amene anaonapo bandi ya apolisi kapena ya asilikali ikuguba anachiona chitoliro chakuda, chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, chokhala ndi tizitsulo tonyezimira m'mbali mwake. Dzina lake ndi klarineti. Pakamwa pake amamangirirapo kabango kopyapyala, ndipo kabangoko kakamanjenjemera ndi mpweya wa woimba, liu limatuluka. M'bandi chitolirochi chimamira m'phokoso la malipenga ndi ng'oma. Kukoma kwake kumamveka bwino chikatsala chokha ndi piyano, mu mtundu wa nyimbo yopanda mau umene Azungu amautcha sonata, ndiyo nyimbo yaitali ya zigawo zitatu kapena zinai.

Okonda nyimbo zotere akakumana sagwirizana msanga kuti sonata yopambana ya klarineti ndi piyano ndi iti. Komabe maina amene samasoŵa pa mkanganowo ndi atatu: Johannes Brahms wa ku Germany, Camille Saint-Saëns ndi Francis Poulenc, onse aŵiri a ku France. Chodabwitsa nchakuti atatu onseŵa anapeka nyimbozi dzuŵa la moyo wao litapendeka.

Achinyamata ambiri amathamangira kwa Poulenc, ndipo sitingaŵadzudzule. Sonata yake ya mu 1962 ndi yaifupi, yotentha ngati tsabola. Klarineti imalumpha, kuseka, kenaka nkugwa m'chisoni mwadzidzidzi. Chigawo chapakati ndi maliro enieni, pakuti nyimboyi inapekedwa pokumbukira bwenzi lake Arthur Honegger amene anamwalira mu 1955. Mwiniwake sanaimve ikuimbidwa pagulu. Anamwalira mu January 1963, ndipo mu April chaka chomwecho Benny Goodman ndi Leonard Bernstein ndiwo anaiimba koyamba ku Carnegie Hall mu mzinda wa New York. Mbiri yotere imagwira mtima. Koma womvetsera watcheru adzaona kuti m'malo ambiri piyano yangokhala wantchito woyalira mphasa, pamene klarineti ndiye mlendo wolemekezeka.

Saint-Saëns anapeka yake mu 1921 ali ndi zaka 85, ndipo anamwalira ku Algiers mu December chaka chomwecho. Ena amainyoza kuti ndi yachikale, poti inatuluka nthaŵi imene anzake ku Paris anali atayamba kale nyimbo zaphokoso ndi zachilendo. Kunyoza kumeneku nkopanda chilungamo. M'chigawo chachitatu klarineti imatsikira ku liu lake lapansi penipeni, lolemera ngati la mkulu woimba pa maliro, kenaka nkubwereza nyimbo yomweyo m'mwamba monong'ona. Kumapeto kwa sonata yonse kanyimbo koyamba kaja kamabwereranso, monga munthu wobwerera kumudzi atatha zaka kuntchito. Mphunzitsi wofuna kuonetsa ophunzira ake mitundu ya maliu a chitolirochi angayambire pamenepa.

Tsono mpando wapamwamba ndi wa Brahms, ndipo chifukwa chake chiyenera kufotokozedwa.

Mu 1890 Brahms anali atanena kuti wasiya kupeka nyimbo. Chaka chotsatira anamva Richard Mühlfeld, woimba klarineti m'gulu la oimba la ku Meiningen, munthu amene anayamba ndi vayolini nkudzasamukira ku klarineti pambuyo pake. Liu la mkulu ameneyu linamchititsa Brahms kutolanso cholembera. Mu 1894, akupumula ku Bad Ischl m'dziko la Austria, anapeka masonata aŵiri amene amadziŵika ndi nambala ya Opus 120, ndipo iye mwini ndiye ankaimba piyano poŵaonetsa kwa anthu pamodzi ndi Mühlfeld. Mfundo imeneyi ndi yofunika. Brahms anali katswiri wa piyano; sakanalola kudzipatsa ntchito ya kapolo. Nchifukwa chake m'nyimbozi zida ziŵirizi zimacheza ngati akulu aŵiri pabwalo: wina akayamba mfundo, mnzake amaitenga, kuitembenuza, nkuibweza itakula. Nthaŵi zina klarineti imatsika pansi kuti ichirikize piyano, chinthu chimene oimba odzikonda sachifuna. Mau akuti "sonata ya klarineti ndi piyano" amatanthauza zinthu ziŵiri zolingana, ndipo pa atatuŵa amene anasunga pangano limeneli mokwanira ndi Brahms.

Pakati pa ana aŵiri a Brahms pamakhalanso mkangano. Sonata yoyamba, ya zigawo zinai, imayamba ndi piyano yokha, mwamdima ndi mwaukali, nkudzatha mwachimwemwe. Oimba ambiri amaikonda poti imaonetsa mphamvu zao. Yachiŵiri ili ndi zigawo zitatu zokha, ndipo siiyesa kudabwitsa munthu. Klarineti imaloŵa pomwepo ndi nyimbo yofatsa, ngati munthu wopitiriza nkhani imene anaisiya dzulo. Chigawo chomaliza ndi kanyimbo kamodzi kosavuta kamene kamatembenuzidwa m'njira zosiyanasiyana, zida ziŵirizo zikupatsirana tizidutswa mpaka womvera sadziŵanso kuti wayamba ndani. Woimva koyamba angathe kunena kuti mulibe kanthu. Aimvenso kachitatu, paja mau a akuluakulu akoma akagonera. Sonata yachiŵiriyi ndiyo yoyenera kuikidwa patsogolo pa zonse.

Otsutsa adzanena kuti Brahms mwini analola kuti masonata onse aŵiri aziimbidwanso pa viola, ndiye kuti si a klarineti kwenikweni. Nzoona analola, ndipo oimba viola amaŵanyadira. Koma woimba viola amakoka uta wake osasoŵa poimira, pamene woimba klarineti ayenera kupuma. Brahms anayeza kutalika kwa mizere ya nyimbozi akumvetsera chifuwa cha Mühlfeld, kotero kuti pomwe mpweya wa munthu ukuthera, piyano imakhala itafika kale kudzalandira katundu.