Mapiritsi omwedwa mobisa: mbali ya thanzi imene mkangano wa malamulo waphimba

Mu February 2016, bwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu, kudzera mwa Jaji Dingiswayo Madise, lidapereka chiletso kwa abusa atatu omwe adadandaula kuti boma lidalakwa poimitsa kaye kumanga anthu ogonana amuna kapena akazi okhaokha. Patatha zaka zisanu ndi zitatu, pa 28 June 2024, bwalo lomasulira malamulo oyendetsera dziko lino lidakana pempho la Jana Gonani ndi Jan Willem Akster loti ndime zoletsa mchitidwewu zithetsedwe, ndipo lidati ntchito yosintha malamulo ndi ya Nyumba ya Malamulo.

Gonani, yemwe bwalo la majisitireti ku Mangochi lidamulamula mu December 2021 kukakhala kundende zaka zisanu ndi zitatu, adabadwa mwamuna koma amadziona ndi kukhala ngati mkazi. N'chimodzimodzi Tiwonge Chimbalanga, yemwe adalamulidwa zaka 14 mu May 2010 asadakhululukidwe ndi mtsogoleri wakale Bingu wa Mutharika. Kuyambira nthawi imeneyo, nkhani ya anthu otere yakhala ikumveka m'mabwalo a milandu, paguwa ndi m'zionetsero za m'misewu. Komwe sikumveka kwenikweni ndi kuchipatala, pamene ena mwa anthuwa amamwa mankhwala amphamvu osintha thupi, omwe akamwedwa popanda dokotala angathe kupha.

Zomwe mankhwalawa amachita

Munthu wobadwa mwamuna amene akufuna thupi lake lifanane ndi la mkazi amapatsidwa mankhwala a mitundu iwiri. Oyamba ndi mahomoni achikazi otchedwa oestrogen, makamaka mtundu wa oestradiol. Achiwiri ndi ofooketsa mphamvu ya homoni yachimuna ya testosterone, monga spironolactone kapena cyproterone acetate.

Kusintha kwake sikubwera msanga. Mawere amayamba kuphuka pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ndipo amatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti afike pomwe angafike. Khungu limafewa, mafuta amasamukira m'chiuno ndi m'ntchafu, minofu imachepa mphamvu. Mawu sasintha, ndevu sizitheratu ndipo msinkhu umakhala womwewo. Apa ndi pomwe ngozi imayambira kwa amene akudzipatsa yekha mankhwala: akaona kuti zinthu zikuchedwa, amaonjezera mapiritsi poganiza kuti kuchuluka kwake kufulumizitsa kusintha. Mawere safulumira kukula, chimene chimakula ndi chiopsezo.

Mabungwe a madokotala monga Endocrine Society, m'malangizo ake a 2017, amavomereza thandizoli ponena kuti limachepetsa kuvutika mumtima kwa anthu ambiri omwe amalilandira. Nalo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake watsopano wa matenda womwe udavomerezedwa mu 2019 ndi kuyamba kugwira ntchito mu January 2022, lidachotsa nkhaniyi pagulu la matenda a misala. Koma malangizo omwewo amanenetsa kuti munthu aziyezedwa magazi miyezi itatu iliyonse m'chaka choyamba, kenako kamodzi kapena kawiri pachaka. Walira mvula walira matope, ndipo kuyeza kumeneku ndiko kumaonetsa matopewo asadafike m'khosi.

Magazi kuundana

Vuto lalikulu kwambiri ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha. Mbulu wa magazi umayamba m'mwendo, ndipo ukathothoka n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo munthu amatha kufa m'kanthawi kochepa.

Kafukufuku wa ku Amsterdam m'dziko la Netherlands, yemwe adasindikizidwa mu 1997 atatsatira anthu 816, adapeza kuti vutoli lidali lochuluka ka 20 poyerekeza ndi anthu ena onse. Ambiri mwa iwo ankamwa mtundu wa oestrogen wotchedwa ethinylestradiol. Kafukufuku wina wa mumzinda womwewo mu 2011 adaonetsa kuti omwe ankamwabe mtunduwu adali ndi chiopsezo chochuluka katatu cha kufa ndi matenda a mtima ndi mitsempha. Lero madokotala a ntchitoyi adausiya mtundu umenewu.

Mfundo iyi ikukhudza Malawi mwachindunji, chifukwa ethinylestradiol ndi yemwe ali m'mapiritsi olera monga Microgynon, omwe amapezeka mosavuta m'zipatala ndi m'mafamase. Thandizo la mahomoni kwa anthu ofuna kusintha thupi si gawo la thandizo lomwe zipatala za boma zimapereka, ndipo m'maiko ambiri momwe zinthu zili chonchi, mapiritsi olera ndiwo amasanduka njira yachidule. Mankhwala omwe akatswiri adawakana ndi omwe ali pafupi ndi dzanja la munthu wa ku Chibavi kapena Mchengautuwa.

Ngakhale mankhwala oyenera sachotseratu chiopsezo. Kafukufuku wa ku America wa 2018, yemwe adatsatira anthu 2,842, adapeza kuti m'zaka zisanu ndi zitatu, pa anthu 1,000 aliwonse padali anthu pafupifupi 17 oonjezera omwe magazi awo adaundana poyerekeza ndi amuna ena. Chiwerengerochi chikusonyeza kuti ambiri savutika, komanso kuti vutolo si nthano. Kusuta fodya, kunenepa kwambiri, kuthamanga kwa magazi ndi kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumaonjezera chiopsezo. Ulendo wa pabasi wochoka ku Mzuzu kupita ku Johannesburg, womwe umadya usana ndi usiku munthu ali chikhalire, ndi chitsanzo chodziwika kwa anthu a kumpoto.

Zizindikiro zake ndi mwendo umodzi kutupa, kutentha ndi kuwawa, kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa ndi kutsokomola magazi. Zizindikiro zitatu zomalizazi zimafanana ndi za chibayo kapena chifuwa chachikulu, matenda omwe ogwira ntchito m'zipatala za kuno amakumana nawo tsiku ndi tsiku. Mnyamata wazaka 24 amene wafika ndi chifuwa chopweteka saganiziridwa za mapiritsi olera. Akapanda kuulula, ndipo dokotala akapanda kufunsa, thandizo limalowera kwina nthawi ikutha.

Impso, chiwindi ndi mafupa

Spironolactone ndi mankhwala odziwika kale m'zipatala pothandiza odwala mtima ndi otupa mimba chifukwa cha chiwindi. Amakodzetsa pafupipafupi, amatsitsa BP mpaka munthu kuchita chizungulire, ndipo amachulukitsa mchere wa potaziyamu m'magazi. Potaziyamu akachuluka, mtima umasokonezeka kagundidwe ndipo ungathe kuima popanda chenjezo. Chiopsezochi chimakula munthu akamamwanso enalapril wa BP, mankhwala opha ululu monga Brufen ndi diclofenac, kapena Bactrim, yemwe anthu ambiri omwe ali ndi HIV m'dziko muno amamwa tsiku lililonse. Kuyeza magazi kokha ndiko kungaonetse vutoli lisadafike poipa.

Cyproterone acetate angathe kuononga chiwindi ndi kubweretsa kukhumudwa kwakukulu. Mu February 2020, bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la EMA lidakhwimitsa kagwiritsidwe ntchito kake litapeza kuti omwe amamwa ambiri kwa zaka amakhala pachiopsezo cha chotupa cha m'chikuto cha ubongo chotchedwa meningioma.

Nawo oestrogen angathe kuyambitsa timiyala ta m'ndulu, kuchulukitsa mafuta m'magazi ndi kukweza homoni ya prolactin, yomwe nthawi zina imachititsa mawere kutuluka mkaka. Pankhani ya khansa ya m'mawere, kafukufuku wa ku Netherlands wa 2019 adapeza anthu 15 odwala mwa anthu 2,260, chiwerengero choposa cha amuna ena ka 46 koma chochepera cha amayi. Tanthauzo lake n'lakuti chotupa cha m'bere mwa munthu wotere sichiyenera kunyozeredwa.

Pali mavuto ena awiri omwe saonekera msanga. Loyamba ndi mafupa. Thupi limafuna homoni imodzi mwa ziwirizi kuti mafupa akhale olimba, choncho munthu amene wafooketsa testosterone koma oestrogen akumupeza modumphadumpha, malinga ndi ndalama za mwezi umenewo, mafupa ake amayamba kufumbwa. Lachiwiri ndi kubereka. Mankhwalawa amachepetsa mbewu ya abambo ndi chilakolako, ndipo mwa ena mphamvu yobereka siibwerera ngakhale atasiya kumwa. M'dziko limene mwana ndi chuma cha banja lonse, imeneyi ndi mfundo yofunika kuimva munthu asadameze piritsi loyamba.

Pamene mahomoni akumana ndi ma ARV

Kafukufuku wa 2013 wophatikiza zotsatira za maiko 15 adapeza kuti anthu obadwa amuna omwe amakhala ngati akazi ali pachiopsezo chachikulu zedi chotenga HIV, pafupifupi ka 49 kuposa akuluakulu ena. N'chifukwa chake ndondomeko ya dziko lino yolimbana ndi Edzi ya 2020 mpaka 2025 idawaika pagulu la anthu ofunika kuwafikira mwapadera.

M'maiko osiyanasiyana akatswiri apeza kuti ena amasiya kapena kudumphitsa ma ARV poopa kuti afooketsa mahomoni. Mantha amenewa adali ndi maziko pamankhwala akale a 5A, momwe muli efavirenz, yemwe amachepetsadi oestrogen m'magazi. Koma kuyambira 2019 Malawi adasamukira ku mankhwala a 13A, momwe muli dolutegravir, yemwe salimbana ndi mahomoniwa. Nawo mapiritsi oteteza ku HIV a PrEP sachepetsa mphamvu ya mahomoni. Amene amachepetsa kwambiri ndi rifampicin wa chifuwa chachikulu, ndipo yankho lake si kusiya mankhwala a TB koma kukambirana ndi dokotala. Uthenga wosavutawu ungapulumutse moyo, koma umafika kwa munthu pokhapokha pali malo pomwe angalankhule mosaopa.

Malo otere achepa. Mabungwe monga CEDEP akhala akufikira magulu amenewa ndi thandizo la HIV, ndipo gawo lalikulu la ntchito zamtunduwu lidkadalira ndalama za boma la America, zomwe zidaimitsidwa mu January 2025. Ngakhale ku South Africa, komwe chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town chakhala chikupereka thandizoli kwa zaka zambiri, makiliniki a Wits RHI omwe ankapereka mahomoni ndi ma ARV malo amodzi adatsekedwa ndalamazo zitaima. 

Lamulo ndi khomo la chipatala

Ndime 153, 154 ndi 156 za malamulo a milandu zimakamba za kugonana, sizitchula mankhwala. Lamulo la maukwati la 2015 limati munthu ndi mwamuna kapena mkazi malinga ndi momwe adabadwira, koma nalonso sililetsa dokotala kuyeza BP ya wodwala. Komabe mantha sawerenga ndime. Lipoti la Human Rights Watch la mu October 2018 lidaonetsa kuti malamulowa amachititsa anthu ena kuopa kupita kuchipatala, ndipo ena adafotokoza za kunyozedwa atafikako.

Atsogoleri a mipingo ndi Asilamu, omwe adatsogolera zionetsero mu July 2023, amaima pa mfundo yoti chilengedwe cha mwamuna ndi mkazi sichisinthika, ndipo Amalawi ambiri amagwirizana nawo. Enanso amafunsa ngati dziko limene zipatala zake zimasowa mankhwala a shuga ndi BP lingayambe kugula mahomoni. Mafunso amenewa ndi olemera ndipo sangayankhidwe pongowanyoza.

Koma kupereka mahomoni ndi nkhani ina, kusamalira munthu amene akumwa kale ndi nkhani inanso. Dziko lino lili kale ndi chitsanzo. Kwa zaka zambiri kuchotsa mimba kwakhala koletsedwa kupatula pofuna kupulumutsa moyo wa mayi, komabe zipatala za boma ndi za mishoni zimathandiza mayi amene wafika akutaya magazi popanda kuyamba zamuzenga mlandu. Palibe amene amati namwino wotero wavomereza kuchotsa mimba. Ndime 20 ya malamulo oyendetsera dziko lino imaletsa tsankho, ndipo malamulo a ntchito ya udokotala amalamula kusunga chinsinsi cha wodwala aliyense.

Mzinda wa Mzuzu, womwe kalembera wa 2018 adapeza kuti uli ndi anthu oposa 220,000, uli ndi zambiri mwa zofunika. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chimalandira odwala ochoka m'maboma onse a kumpoto, kuyambira Chitipa mpaka Likoma. Pali chipatala cha St John's, komanso St John of God, komwe kuli ukadaulo wa thanzi la maganizo. Pali sukulu zophunzitsa anamwino ku Mzuzu University ndi ku Ekwendeni. Zomwe zikufunika si nyumba zatsopano: ndi kuyeza BP, impso, chiwindi ndi potaziyamu, kulangiza munthu kusiya fodya ndi mapiritsi olera, komanso kuphunzitsa ogwira ntchito kufunsa wodwala aliyense, mwaulemu ndi pamalo obisika, ngati pali mankhwala ena omwe akumwa. Nalo bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira mankhwala m'dziko muno, lili ndi udindo woonetsetsa kuti mankhwala ofuna chilolezo cha dokotala sakugulitsidwa ngati maswiti.

Mkangano wa malamulo tsopano uli m'manja mwa aphungu, ndipo ungatenge zaka. Mbulu wa magazi ukafika m'mapapo ungathe kupha m'maola ochepa. Pakati pa ziwirizi pali namwino wa usiku ndi wodwala wobanika, ndipo moyo wa wodwalayo ukudalira ngati angathe kunena zomwe wamwa popanda kuopa kuti mawa dzina lake lidzamveka kupolisi kapena pa WhatsApp.