Kodi Magazi Angaulule Khansa ya M'kamwa? (Gawo Lachiŵiri)

M'gawo loyamba tidaona kuti fodya ndi kachasu ndizo zimakulitsa khansa ya m'kamwa, ndi kuti dzuŵa limene limawomba msodzi tsiku lonse limaononga milomo yake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lidaŵerenga kuti m'chaka cha 2020 anthu oposa 377,000 adapezeka ndi nthendayi, ndipo oposa 177,000 adafa nayo. Tsono lero tifunse: kodi dokotala angathe kuizindikira poyeza magazi okha?

Maganizo ameneŵa adayamba ndi Otto Warburg wa ku Germany, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 1931. Iye adapeza kuti maselo a khansa ndi adyera: amameza shuga wochuluka koposa maselo abwino, ndipo amatulutsa asidi wa mtundu womwewo umene umasasitsa chambiko, ngakhale mpweya wabwino ulipo wokwanira. Pa ntchito imeneyi maseloŵa amadalira chinthu chotchedwa LDH, ndipo akamafa chinthucho chimatayikira m'magazi. N'chifukwa chake akatswiri amayeza LDH, mafuta a m'magazi ndi zina zotere, poyembekeza kupeza mapazi a nthendayi isanakule.

Koma apa m'pofunika kudekha. LDH imakwera ndi matenda ambiri: a chiŵindi, a mtima, ngakhalenso malungo, poti malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi. Ganizani tsono za munthu wa ku Senga Bay, ku Lifuwu kapena ku Chipoka, kumene malungo satha chaka chonse. Magazi ake angaonetse LDH yambiri iye alibe khansa, ndiponso wina amene ali ndi kachilonda ka khansa koyamba kumene angaoneke ngati alibe kanthu. Mboni yotere siingagamule mlandu payokha. Mpaka lero njira yotsimikiza ndi kudula kachidutswa ka mnofu wa pachilondapo ndi kukaunika ndi makina okuza zinthu. Kuyambira 2011 ntchito imeneyi imachitika pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma la Salima.

Sikuti kuyeza magazi n'kwachabe. Ife a kunyanja timaidziŵa khansa ina yotupitsa nsagwada za ana, imene Denis Burkitt adailongosola ku Uganda mu 1958, ndipo imapezeka kwambiri m'madera a malungo. Pa nthenda imeneyi, ikatsimikizika kale, LDH imathandiza madokotala kudziŵa kukula kwake. Choncho magazi ndi mthandizi wa dokotala, koma ntchito yoyamba ili m'maso.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chipimo cha magazi chogwira khansa ya m'kamwa chikadali pachala. Chimene tili nacho pamphuno ndi kalilole, kuŵala kwa dzuŵa ndi maso athu. Chilonda cha pa lilime, pa nkhama kapena pa mlomo chimene chatha masabata atatu osapola, banga loyera kapena lofiira losachoka, dzino logwedezeka popanda chifukwa, chotupa cha m'khosi: zonsezi n'zofunika kukazionetsa ku chipatala msanga, ngakhale zisakuŵaŵa, pakuti khansa yoyamba kumene kaŵirikaŵiri siipweteka.

Dziko lathu lidayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019, koma adzatenga zaka kuti akwanire maboma onse. Pakadali pano udindo uli kwa ife aphunzitsi ndi kwa inu amene mwangomaliza sukulu, poti kumudzi ndinu amene agogo oika fodya m'kamwa amakufunsani tanthauzo la kalata ya kuchipatala. Muŵauze kuti akatumizidwa ku Lilongwe asazengereze chifukwa choti magazi adaoneka abwino.

M'gawo lotsatira tidzakamba za khansa ya ana ya nsagwada ndi ubale wake ndi malungo.