Liwiro la galimoto yokalamba

Loweruka lapitali ndinakwera chapa ku Moatize kupita ku Zóbuè. Dalaivala, mnyamata ndithu, anandiuza monyadira kuti makaniko anampotolera pampu ya dizilo ndi kuonjezera mphamvu ya turbo, kuti anzake asamampitirire ndi Hiace yake yokalambayo. Kumbuyo utsi uli bii!

Kumaiko akunja ochita mpikisano wotere amathamanga mamita 402 okha, pamsewu woongoka ndi wotchingidwa, atayamba asintha matayala ndi mabuleki. Ife pa EN7 pali mbuzi, ana asukulu, njinga zamakala ndi malole opita ku Mwanza.

Ndinamfunsa za mabuleki. Anaseka, nati ndi omwe aja. Ine ndinatsikira panjira ndi thumba langa la ufa, n'kudikira ina.