Batire lotha ntchito si chinsinsi cha asilikali

Mneneri wa asilikali akaima pamaso pa atolankhani, pepala lili m'manja, timadziwiratu zomwe anene: zonse zili m'chimake, kafukufuku ali m'kati, mudzamva nthawi ikakwana. Mtolankhani akafuna kukumba, amauzidwa kuti imeneyo ndi nkhani ya chitetezo cha dziko, basi nkhani yathera pomwepo. Ine ndikuti mawu akuti "chitetezo cha dziko" asanduka bulangete lofunditsa zinthu zomwe si chinsinsi n'komwe, ndipo ife ophunzira, amene timati tikuphunzira kufunsa, timangovomera ngati tili m'tchalitchi.

Tiyeni titenge nkhani yomwe tonse tikuikumbukira. Lolemba pa 10 June 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe nthawi ya 9:17 m'mawa kupita ku Mzuzu. Munali wachiwiri kwa pulezidenti, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Dziko linamva kuti ndege yasowa patapita maola, a Lazarus Chakwera anayankhula usiku, ndipo m'mawa wa Lachiwiri mkulu wa asilikali pa nthawiyo, General Paul Valentino Phiri, anauza atolankhani kuti nkhungu ndi nkhalango yowirira zikuvutitsa ofufuza. Tsiku lomwelo ndegeyo inapezeka ku Chikangawa, onse atamwalira.

Nkhungu inalipodi, sindikutsutsa. Koma panali chinanso. Ndege imakhala ndi kachipangizo kotchedwa ELT, kamene kamalira pa wailesi ndege ikagwa kuti ofufuza adziwe kolowera. Lipoti loyamba la akatswiri a ku Germany a bungwe la BFU, lomwe linatuluka mu August 2024, linanena kuti batire la kachipangizo kameneka linatha ntchito mu 2004. Zaka 20! Ambiri a ife tinali tisanayambe ndi sitandade 1 yomwe. Lipotilo linatinso m'ndegemo munalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga mmene ndege yayendera.

Funso langa ndi ili: n'chifukwa chiyani tinamva zimenezi kwa alendo? Ndege inali ya asilikali athu, mabuku oisamalira anali m'manja mwawo. Kodi mdani uti akanapindula mkulu wa asilikali akanati, "Abale, kachipangizo kothandiza kupeza ndege sikakugwira ntchito, n'chifukwa chake tikusaka wapansi"? Palibe. Chomwe chikanavulala ndi nkhope za mabwana, osati malire a dziko.

Ena anditsutsa kuti asilikali si a khonsolo, ali ndi zinsinsi zawo. Zoona. Pamene anyamata athu anali kum'mawa kwa Congo, komwe atatu anaphedwa mu January 2025 pa nkhondo yolimbana ndi M23, palibe wanzeru akanafuna kuti wailesi ilengeze komwe agona kapena zipolopolo zomwe atsala nazo. Chimenecho ndi chinsinsi chenicheni, chifukwa chikaululika wina afa. Koma batire, ndalama zokonzera ndege, ola lomwe ntchito yosaka inayamba, izi ndi nkhani za msonkho wa mayi wothyola tiyi ku Mulanje kuno. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Limalola kubisa zomwe zingaike dziko pachiswe, silikunena kuti chilichonse chovala yunifolomu chabisika.

Chondipweteka n'chakuti asilikali athu anthu amawakonda, mwina kuposa bungwe lina lililonse la boma. Pa zionetsero za 2019 anthu ankaomba m'manja akaona galimoto za asilikali. Kuno ku Mulanje, namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu March 2023, asilikali anali m'matope pamodzi ndi anthu, kusaka ndi kunyamula. Koma chikondi si nkhokwe yosatha. Ukamangotapa osathiramo, tsiku lina dzanja lidzagunda pansi. Taonani zomwe zinachitika pambuyo pa Chikangawa: mneneri atasiya mpata, mphekesera zinadzazamo. Pa WhatsApp aliyense anasanduka katswiri wa ndege. Komiti ya a Justice Jabbar Alide inapereka lipoti lake mu December 2024, koma kwerani minibasi kuchoka pa Mission kupita pa Chitakale, muyambitse nkhaniyi, muwerenge okhulupirira lipotilo. Amene anabisidwa kanthu kakang'ono poyamba savomeranso zazikulu pambuyo pake, ngakhale zitakhala zoona.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Zikalata za asilikali zimatuluka m'Chingerezi cha mu ofesi, n'kuikidwa pa Facebook. Agogo amene mdzukulu wawo ali ku nkhondo amadikira wina awamasulire, ndipo womasulirayo amathiramo ndi mchere wake. Kodi ku Kamuzu Barracks kulibe msilikali woti n'kukhala pa MBC mphindi 30, n'kuyankha mafunso m'Chichewa?

Atolankhani nawonso asathawe. Ambiri amatenga chikalata, n'kusintha mutu, n'kuchitcha nkhani. Nyenyezi za paphewa zimawaumitsa pakamwa. Tsiku lija palibe chikanaletsa kufunsa kuti, "Bwana, ndegeyi ili ndi chipangizo cholozera komwe yagwera? Ngati chilipo, bwanji sichikulira?" Anzanga amene mukuphunzira utolankhani, funso limenelo ndi lanu, ndipo mukalandira yankho loti ndi nkhani ya chitetezo, funsaninso kuti chitetezo cha ndani. Aphungu a m'komiti yoona za chitetezo ku Nyumba ya Malamulo nawo atiuze poyera ngati ndege za asilikali zotsalazo zinayang'anidwa mabatire, liti, ndipo anayang'ana ndani.